Magawo amene ndinavomera ndi amene ndinakana pa ntchito yoimba tenor mu opera

Ndikulembera anyamata amene amaimba tenor m'makwaya a kutchalitchi ndi a kusukulu, makamaka amene anamverapo Luciano Pavarotti kapena Juan Diego Flórez pa YouTube ndipo mtima unawauza kuti nawonso angathe kukafika kumeneko. Ambiri mwa amene amandifunsa nzeru amafuna kudziwa za sukulu, za ndalama zolipirira maphunziro ndi za mapepala oyendera, ndipo mafunso amenewa ndi oyenera. Koma funso limene lakhala likutsogolera ntchito yanga yonse samalifunsa, lakuti ndi magawo ati a m'masewero amene woimba ayenera kuvomera, ndipo ndi ati amene ayenera kukana ngakhale atamulonjeza ndalama zambiri. Ine ndalera ana ndi ntchito yoimba opera, masewero a pa siteji amene nkhani yake imakambidwa poimba, poyamba ku Cape Town kenako ku Germany, ndipo mbali yaikulu ya ntchitoyo ndaigwira m'masewero oseketsa, amene anyamata ambiri amawapeputsa.

Ndinayambira m'kwaya ya kutchalitchi kwathu ku Zomba, kumene nyimbo tinkaziphunzira ndi sol-fa yolembedwa pabolodi. Nditapita ku South Africa kukafuna ntchito, ndinapeza kuti makwaya a kumeneko amaimba zigawo za opera pa mipikisano yawo, ndipo kudzera m'mipikisano imeneyo ndinapeza mwayi wophunzira kuimba ku Cape Town, kenako ntchito m'kwaya ya opera.

Aphunzitsi anga a mawu anali mayi wachikulire amene anaimbapo ku Ulaya ali mtsikana, ndipo tsiku loyamba sanafune kumva nyimbo iliyonse. Anakhala pa piyano n'kundiuza kuti ndizikwera ndi kutsika manoti, iwo akumvetsera pamene mawu anga ankasinthira, chifukwa mwamuna aliyense ali ndi malo ena pamene mawu a m'chifuwa amayamba kulemera ndipo amafuna kusamukira m'mwamba. Oimba amawatcha malo amenewa passaggio, ndipo kwa tenor amakhala cha pa F ndi F sharp. Malo amenewa pamodzi ndi kulemera kwa mawu ndiwo amasonyeza mtundu wa tenor, osati noti yapamwamba imene munthu angaifikire atakuwa ndi mphamvu zake zonse. Atamaliza anandiuza mosapita m'mbali kuti, "Mwana wanga, mawu ako ndi opepuka ndi othamanga, ndipo adzakudyetsa zaka zambiri ukawasunga m'nyimbo za Mozart, Rossini ndi Donizetti. Nyimbo ya mpira ija uyambe waisiya." Ankanena "Nessun dorma" ya mu Turandot ya Puccini, imene Pavarotti anaitchukitsa pa mpikisano wa mpira wa dziko lonse ku Italy mu 1990, ndipo mpaka lero mnyamata aliyense woyamba kumene amafuna kuyambira pamenepo.

Chifukwa chake chili m'thupi momwemo. Mawu amapangidwa ndi timinofu tiwiri ta m'kholingo, timene mwa mwamuna timatalika pafupifupi masentimita awiri basi. Woimba akafika pa C wapamwamba, timinofu timeneti timagundana koposa ka 500 pa sekondi imodzi, ndipo iye amayenera kumveka popanda maikolofoni m'holo yokhala anthu 1,000 kapena 2,000, pakati pa iye ndi omvera pali orchestra, gulu la oimba zida, ya anthu 60 kapena kuposerapo. Chimene chimaboola phokoso la orchestra si kukuwa, koma kuwala kwina kumene mawu ophunzitsidwa bwino amakhala nako. Sewero likakhala la malipenga ambiri ndi kwaya yaikulu, woimba wa mawu opepuka sadzimva, ndiye amayamba kukankha mpweya ndi mphamvu, timinofu tija timatupa, ndipo akapitiriza motero usiku ndi usiku mawu amayamba kugwedera mosalamulirika kapena kusasa kumene.

Ndinapita ku Germany chifukwa dziko limenelo lili ndi nyumba za opera pafupifupi 80 zothandizidwa ndi boma ndi makhonsolo a mizinda, ndipo zambiri zili ndi gulu lawolawo la oimba olembedwa ntchito pa malipiro a pamwezi. Kumeneko mawu amawaika m'magulu otchedwa Fach, ndipo gulu limene aikamo munthu ndilo limanena magawo amene azipatsidwa. Pokayesedwa umatenga nyimbo pafupifupi zisanu, umaima pa siteji yopanda kanthu, magetsi akukuthobwa m'maso, ndipo okuyesa amakhala patali mu mdima moti nkhope zawo sumaziona. Yoyamba kawirikawiri umasankha wekha, yachiwiri amasankha iwo, kenako umangomva mawu akuti zikomo. Phunziro limene ndinalitola msanga ndi lakuti nyimbo zisanuzo ziyenera kukhala za munthu mmodzi. Mnyamata akasakaniza nyimbo ya Rossini ndi ya Radamès, gawo lolemera la tenor wamkulu wa mu Aida ya Verdi, pofuna kuonetsa kuti amatha zonse, okuyesa amangoona kuti sanadzidziwe, ndipo samulemba.

Kontirakiti yanga yoyamba inali ya Spieltenor, ndiye kuti tenor wa magawo ofuna kusewera kwambiri, ndipo gawo langa loyamba linali Pedrillo, wantchito wochenjera wa mu Die Entführung aus dem Serail, sewero la Mozart limene linaonetsedwa koyamba ku Vienna mu 1782. Pedrillo amathamanga pa siteji, amalankhula Chijeremani pakati pa nyimbo, amaledzeretsa mlonda Osmin ndi vinyo, kenako pakati pa usiku amaimba kanyimbo kofewa kopereka chizindikiro choti akazi awiri ogwidwa ukapolo amene Osmin akuwalondera athawe. M'gawo limeneli ndinaphunzira kuchoka pa kulankhula n'kulowa m'nyimbo mpweya uli wefuwefu, ndiponso ndinaphunzira chinthu chimene palibe mphunzitsi angachiphunzitse m'chipinda, chimene ndi kumvetsera omvera. Nthabwala ikagwira, holo yonse imaseka, ndipo ukalankhula msanga mawu ako otsatira amamira m'chisekocho, koma ukadikira kwambiri sewero limazizira. Umayenera kulowa pamene chiseko chayamba kutsika koma chisanathe, diso limodzi lili pa ndodo ya wotsogolera orchestra, amene nayenso akudikira iwe. Nthawi yodikirayo imasintha usiku uliwonse, chifukwa omvera a Lachisanu madzulo saseka mofanana ndi a Lamulungu masana.

Pambuyo pake anandipatsa Almaviva wa mu Il barbiere di Siviglia ya Rossini, ya ku Rome mu 1816. Gawo limeneli limayamba ndi nyimbo yapamwamba ya manoti othamanga patangopita mphindi zochepa chinsalu chitatsegulidwa, mawu asanatenthe bwino, kenako munthu yemweyo amadzisandutsa msilikali woledzera, ndipo m'chigawo chachiwiri amabwera ngati mphunzitsi wa nyimbo wolankhulira m'mphuno. Kusintha mawu motero popanda kufinya kukhosi ndi luso limene linanditengera nthawi yaitali, ndipo ndi limene likundidyetsa mpaka lero.

Koma gawo limene ndalikonda koposa onse ndi Nemorino wa mu L'elisir d'amore ya Donizetti, imene inayamba kuonetsedwa ku Milan mu 1832. Nemorino ndi mnyamata wosauka wa kumudzi amene amakonda Adina, mtsikana wolemera ndi wodziwa kuwerenga, ndipo amapereka kandalama kake komaliza kwa Dulcamara, wogulitsa mankhwala woyendayenda, kuti amupatse mankhwala a chikondi, osadziwa kuti m'botolomo muli vinyo wamba wa ku Bordeaux. Ndalama zitamuthera amalembetsa usilikali kuti apeze zogulira botolo lachiwiri. Anzanga a ku Ulaya ankavutika kuti amumvetse mnyamata ameneyu, ndipo ena ankamusewera ngati chitsiru, koma ine Dulcamara ndinali nditamuona kale pamsika wa kwathu atayala timabotolo pa chiguduli, ndiponso ndinkawadziwa anyamata amene ankamugula, kuti sanali opusa koma osowa pogwira. Ndinkamusewera Nemorino ngati munthu wokhulupirira ndi mtima wonse, atakumbatira botolo lake pachifuwa, ndipo ndinaona kuti anthu ankaseka kwambiri ndikapanda kuyesa kuwaseketsa.

Chakumapeto kwa sewerolo kumabwera "Una furtiva lagrima". Chitoliro chachikulu chotchedwa bassoon chimayamba chokha pang'onopang'ono, holo imene inali m'chiseko imangoti zii, ndipo woimba amene wakhala akudumpha ndi kudzandira kwa maola awiri amayenera kuima n'kutulutsa mawu ofewa, osalala, odutsa pa passaggio pomwe paja mobwerezabwereza. Palibe orchestra yaikulu yobisalamo. Kukhosi kukakhala kotopa kapena kotupa pang'ono chabe, aliyense m'holomo amamva. Amene amanena kuti opera yoseketsa ndi ntchito yopepuka sanaimepo pamalo amenewo, ndipo ine ndimakhulupirira kuti tenor amene sangathe kuimba nyimbo imeneyi mofewa sanakonzekere gawo lina lililonse lalikulu.

Kuti mumvetse kumene mayesero anga anachokera, ndiyenera kufotokoza za Paris. M'zaka za m'ma 1800 mumzindamo munali nyumba ziwiri zazikulu za opera ya Chifalansa. Ku Opéra-Comique ankaonetsa masewero okhala ndi zolankhula pakati pa nyimbo, ambiri oseketsa ngakhale kuti si onse, popeza Carmen ya Bizet, imene imathera pa kupha munthu, inayambira kumeneko mu 1875. Ku Opéra ankaonetsa masewero akuluakulu oimbidwa kuyambira poyamba mpaka pomaliza, kawirikawiri a zigawo zisanu, okhala ndi magule, kwaya yaikulu ndi nkhani za m'mbiri ya mayiko, monga Guillaume Tell ya Rossini mu 1829, La Juive ya Halévy mu 1835 ndi Les Huguenots ya Meyerbeer mu 1836, imene imakamba za kuphedwa kwa Apulotesitanti ku France mu 1572. La fille du régiment ya Donizetti ndi ya nyumba yoyamba ija, ya mu 1840, ndipo muli nyimbo ya Tonio, tenor wa m'sewerolo, yokhala ndi ma C apamwamba asanu ndi anayi. Nyimbo imeneyi ndi imene inakuza dzina la Pavarotti ku Metropolitan Opera ku New York mu 1972, ndipo ndi imene Flórez anaibwereza omvera atamuumiriza ku nyumba ya opera ya La Scala ku Milan mu 2007. Ma C a Tonio ndi achangu, amangodumphira pamwamba n'kutsika, orchestra ili yopepuka pansi pake, ndiye kwa mawu ngati anga sanali oopsa. Ndinaimba Tonio ndipo zinayenda bwino, ndipo kuyenda bwino kumeneko ndiko kunabweretsa vuto.

M'masewero akuluakulu ndinali nditalowamo kale, koma pa magawo aang'ono. Mu Aida ya Verdi, imene inayambira ku Cairo mu 1871 ndipo ngakhale ili ya Chitaliyana inatsatira kwambiri kachitidwe ka ku Paris, ndinali mthenga amene amalowa m'chigawo choyamba kudzauza mfumu kuti Aitiopiya alowa m'dziko la Igupto motsogozedwa ndi Amonasro. Mthengayo amaimba mphindi imodzi kapena ziwiri, koma zinandipatsa mwayi woima pafupi ndi woimba Radamès ndi kuona ntchito yake ndi maso anga. Bambo ameneyo tsiku la sewero sankalankhula ndi munthu, ankangogwedeza mutu popereka moni. Akakoka mpweya, nthiti zake zakumsana zinkatambasuka moti chovala chake chachikopa chinkamveka kulira, ndipo mawu ake ndikakhala pambali pake sankamveka okwera kwambiri, koma pansi pa siteji pankanjenjemera. Ankayamba ndi "Celeste Aida", imene imathera pa B flat wapamwamba amene Verdi analemba kuti aimbidwe mofewa, kenako ankayenera kumveka pamwamba pa kwaya yonse ndi malipenga m'chigawo chachiwiri, ndipo ntchito yake yolemera kwenikweni inali isanayambe, chifukwa imabwera m'chigawo chachitatu, cha m'mphepete mwa mtsinje wa Nile. Ndinazindikira kuti iye sankachita khama loposa langa. Anangobadwa ndi chida china, ndipo zaka zinali zitachikhwimitsa. Mu Guillaume Tell ndinaimba Ruodi, msodzi amene amaimba kumayambiriro kwa sewero motsagana ndi zeze, ndipo gawo limenelo, ngakhale lili lapamwamba, linalembedwera mawu opepuka. Anyamata ayenera kudziwa kuti m'masewero akuluakulu muli malo athu ifenso, monga Ruodi ameneyu kapena Léopold wa mu La Juive.

Tonio atatha, mkulu wa nyumba ina ya opera anatumiza uthenga kudzera kwa ajenti wanga kuti akufuna ndikaimbe Arnold, tenor wamkulu wa mu Guillaume Tell. Maganizo awo anali akuti munthu amene ali ndi ma C asanu ndi anayi sangavutike ndi ma C a Arnold. Ndalama zimene ankanena zinali zoposa malipiro anga a miyezi ingapo, ndipo panthawiyo kunyumba kunali mavuto ofuna ndalama.

Gawo la Arnold lili ndi mbiri imene tenor aliyense ayenera kuidziwa. Amene analiimba koyamba mu 1829 anali Adolphe Nourrit, tenor wamkulu wa ku Opéra, yemwenso anayamba kuimba Eléazar mu La Juive ndi Raoul mu Les Huguenots. Oimba a nthawi yake manoti apamwamba ankawatenga ndi mawu opepuka a m'mutu. Mu 1837 Gilbert Duprez, amene anali atakhala zaka zingapo ku Italy, anabwera ku Opéra n'kuimba Arnold akutulutsa C wapamwamba ndi mphamvu ya m'chifuwa, ndipo anthu a ku Paris anatengeka nazo kwambiri. Nourrit anachoka ku Opéra, anapita ku Naples kukayesa kusintha kaimbidwe kake kuti kafanane ndi katsopanoko, anataya mawu amene anali nawo osapeza amene ankafuna, ndipo mu Malichi 1839 anadzipha ali ndi zaka 37. Duprez mwiniwakeyo mawu ake anayamba kutha msanga, ndipo anasiya siteji asanakwanitse zaka 50. Kuchokera nthawi imeneyo omvera amayembekezera kuti Arnold aziimbidwa mwa njira ya Duprez, ndipo nyimbo yake yovuta koposa imabwera m'chigawo chomaliza, patapita maola atatu, pamene amaimba kaye mofatsa za nyumba ya bambo ake ophedwa, kenako n'kuitanira anthu kunkhondo akukwera pa C mobwerezabwereza kwaya ya amuna ikumuyankha. Pavarotti anajambula gawo limeneli mu situdiyo, koma sanaliimbepo pa siteji.

Ndinaimbira foni aphunzitsi anga ku Cape Town. Sanandiuze kuti ndivomere kapena ndikane, koma anandipatsa njira yodziyesera imene ndikufuna mnyamata aliyense aisunge. Anati ndipeze woimba piyano, atsegule chivindikiro cha piyanoyo n'kumaimba mokweza monga orchestra, ine ndiimbe zigawo zolemera za Arnold motsatizana popanda kupuma, ndichite zimenezi kwa masiku angapo otsatizana, ndipo m'mawa uliwonse ndiziyesa kuimba "Una furtiva lagrima" mofewa. Tsiku loyamba ma C onse anatuluka ndipo woimba piyano uja anandiyamikira. Masiku otsatira ma C ankatulukabe, koma m'mawa mawu apakati anali ngati aphimbidwa ndi nsalu, ndipo poyesa kuyamba noti mofewa pankayamba kutuluka mpweya, mawu n'kubwera mochedwa. Chizindikiro chimenechi ndicho chofunika, chifukwa manoti apamwamba ndiwo amachedwa kuonetsa kuti china chake chikuonongeka, pamene kuimba mofewa kumaulula msanga.

Ndinakana, ndipo sindikufuna kunamiza aliyense kuti kukana kulibe mtengo wake. Ajenti wanga anazizira nane kwa nthawi yaitali, nyumba ija sinandiitanenso, ndipo ndalama zimene tinkazifuna kunyumba tinazipeza movutika. Mnzanga wina wa mawu ofanana ndi anga, amene tinkavalira m'chipinda chimodzi, anavomera magawo olemera motsatizana chifukwa ankaopa kuti akakana sadzamufunanso. Kwa zaka zochepa dzina lake linali pamwamba pa zikwangwani, langa lili pansi, kenako mawu ake anayamba kugwedera, anachitidwa opaleshoni ya kukhosi, ndipo lero sakuimbanso pa siteji. Sindimuweruza, chifukwa amene ankamupatsa magawowo ankadziwa bwino lomwe zimene ankachita, ndipo mawu ake atatha anangotenga mnyamata wina.

Sindikunena kuti woimba amene wayambira m'masewero oseketsa sangasamukire ku akuluakulu. Gustave Roger anaimba zaka khumi ku Opéra-Comique asanapite ku Opéra, kumene anakhala woyamba kuimba tenor wamkulu wa mu Le prophète ya Meyerbeer mu 1849. Pavarotti anayamba ntchito mu 1961 ku Reggio Emilia, koma Radamès anamuimba koyamba pa siteji mu 1981 ku San Francisco ali ndi zaka 46, ndipo Nemorino sanamutaye. Enrico Caruso anatenga Eléazar mu 1919, nayenso ali ndi zaka 46, ndipo mu Disembala 1920, mwezi womaliza umene anaimba pa siteji, anaimba Nemorino ndi Eléazar yemwe. Alfredo Kraus anasankha kusasamuka n'komwe, anasunga magawo ochepa oyenera mawu ake, ndipo anaimbabe ali ndi zaka 70. Ku South Africa kwatuluka mitundu yonse iwiri. Johan Botha wa ku Rustenburg, amene anamwalira ku Vienna mu 2016, anali ndi mawu aakulu oyenera Wagner ndi Verdi, pamene Levy Sekgapane, amene anapambana mpikisano wa Operalia mu 2017, wamanga ntchito yake makamaka pa Rossini.

Pa nkhani ya kontirakiti, ya pamwezi imapereka mtendere chifukwa malipiro amabwera ngakhale udwale, ndipo inshuwalansi ya chipatala ndi penshoni zimalipiridwa, koma nyumba ndiyo imasankha zimene uziimba. Choncho musanasaine onetsetsani kuti mtundu wa mawu anu walembedwa bwino, ndipo ngati n'kotheka magawo a chaka choyamba atchulidwe mayina, popeza nyumba yaing'ono imene ili ndi matenor awiri okha imayesedwa kupatsa mmodzi chilichonse chimene chatsala. Woimba woyendayenda amalandira zambiri pa usiku umodzi, koma kawirikawiri amalipidwa pa sewero limene waimba, ndiye akadwala tsiku la sewero amataya ndalamayo ngakhale atakhala milungu yambiri akukonzekera ndi kulipira malo ogona. Chiyeso choimba uli wodwala chimachokera pamenepo, ndipo chaononga mawu ambiri. Ine ndimapita kwa dokotala wa mawu, amene Ajeremani amamutcha Phoniater, ngakhale ndisakudwala, kuti ajambule timinofu tanga tili bwino, n'cholinga choti tsiku lovuta akhale ndi poyerekezera. Ndimapewanso kudya kwambiri usiku sewero litatha, chifukwa asidi wa m'mimba amakwera munthu akagona n'kuotcha kholingo, ndipo m'nyengo yozizira ndimasamala ndi mpweya wouma wa m'nyumba zotenthetsedwa.

Pali gawo limodzi limene tenor wachikuda wa mawu opepuka adzapatsidwa ndithu akakhala ku Germany, la Monostatos wa mu Die Zauberflöte ya Mozart, ya mu 1791, limene mawu ake oyambirira amanyoza khungu lakuda. Nyumba zambiri masiku ano zimasintha mawuwo ndi kaonekedwe ka munthuyo, koma si zonse. Ine ndinapempha kukambirana ndi wokonza sewero ndisanavomere, ndinafunsa mawu amene tidzaimbe ndi chifukwa chimene anasankhira ine, ndipo ndinavomera nditakhutira ndi mayankho ake. Mnyamata ali ndi ufulu wofunsa mafunso amenewa ngakhale ali watsopano pantchito.

Za zilankhulo, ife olankhula Chichewa tili ndi mwayi pa Chitaliyana, chifukwa mavawelo athu ndi oyera ndi otseguka ngati awo, ndipo mawu athu amathera pa vawelo monga ambiri a iwo. Koma tiyenera kulimbana ndi l ndi r, amene kwa ife amalowana pamene kwa Mtaliyana amasintha tanthauzo, ndiponso ndi chizolowezi choika vawelo pakati pa makonsonanti kapena kumapeto kwa liwu, chimene m'Chijeremani chimamveka nthawi yomweyo. Mu sewero lalikulu orchestra ingathe kubisa katchulidwe kolakwika pang'ono, koma mu sewero loseketsa nthabwala imafa liwu limodzi likapanda kumveka, ndiye tenor wa magawo oseketsa ayenera kulankhula chilankhulocho kumsika ndi pa basi, osati kungoloweza zolembedwa.

Tsopano mawu anga ayamba kuda pang'ono chifukwa cha msinkhu, ndipo imvi sizikundilolanso kukhala Nemorino kawirikawiri. Njira imene yatseguka ndi ya magawo a anthu achilendo ndi okalamba, monga Basilio wa mu Le nozze di Figaro ndi antchito anayi a mu Les contes d'Hoffmann ya Offenbach, amene woimba mmodzi amawasewera onse usiku umodzi, aliyense ndi kayendedwe ndi kalankhulidwe kake. Nyumba imene ndikugwirako ntchito yandipempha kuti ndiphunzire Mime wa mu Siegfried ya Wagner, imene inaonetsedwa koyamba ku Bayreuth mu 1876. Mime amakhala pa siteji pafupifupi chigawo choyamba chonse, kwa nthawi yoposa ola, pamaso pa orchestra yaikulu kuposa zonse zimene ndinaimbapo nazo, koma chimene gawolo limafuna kwambiri ndi mawu omveka bwino liwu ndi liwu, kusintha kwa kamvekedwe ndi luso losewera, zimene ndinaziphunzira kwa Pedrillo ndi Almaviva. Ndachita kale mayeso a piyano yotsegula aja, ndipo m'mawa mawu ofewa anatuluka bwinobwino. Ndavomera, koma ndapempha kuti andipatse nthawi yoposa chaka yoliphunzira, ndiponso kuti alembe mu kontirakiti kuti tsiku lotsatira Siegfried sadzandiika pa sewero lina.